Amaimba paliponse kupatula m'kalasi ya nyimbo

Kunyumba kwa achemwali anga kuli mtsikana wazaka 12 amene pakamwa pake sipapuma. Akamatsuka mbale akuimba, akamasamba akuimba, mukamutuma tomato mumayamba kumva mawu ake mwiniwake asanatulukire pakona. Nyimbo ikatuluka Lolemba, pofika Loweruka amakhala ataigwira yonse, ndi polowera ng'oma pomwe, ngakhale pamene woimbayo amapumira. Foni alibe. Amabwereka ya mayi ake kwa mphindi zochepa madzulo, zina amangotola m'minibasi ndi pa wailesi ya aneba.

Teremu yathayi kunabwera sukulu lipoti. Masamu anakhoza, Chingerezi sichinali choipa. Phunziro limene analakwa kwambiri linali Expressive Arts, momwe muli nyimbo ndi magule. Sabata yomweyo anauza mayi ake kuti kwaya ya kusukulu wasiya.

Nditamufunsa chifukwa, yankho linali lalifupi: "Ankolo, zimabowa."

Ndinamuuza kuti abweretse kope. Mwanayu ali Sitandade 6, ndipo amalemba bwino ndithu, mitu yonse yodula mzere kunsi ndi rula. Munali tanthauzo la nyimbo, kufunika kwa nyimbo, ndi magulu anayi a zida zoimbira m'Chingerezi chotafuna lilime: idiophones, membranophones, chordophones, aerophones. Pansi pa chordophones analemba kaligo ndi bangwe. Ndinamufunsa ngati kaligo anakaonapo. Anati ayi. Nanga kamamveka bwanji? Anakweza mapewa. Tsono teremu yonse munaimbako kangati m'kalasimo? Anawerenga zala, zinathera pa ziwiri.

Za kwaya nkhani yake inali ina. Kumeneko amaimba ndithu, koma nyimbo ndi zomwezo zimene anazipeza ali Sitandade 4, zolandirira alendo ndi za tsiku lotsekera sukulu. Tsiku lina iye ndi anzake awiri anapempha aphunzitsi kuti ayeseko nyimbo ina yauzimu imene ikumveka m'mawailesi masiku ano, atagawana kale mawu, wina pamwamba wina pansi. Anayankhidwa kuti kwaya si dansi. Anzake a m'kwaya anaseka. Kuyambira tsiku limenelo ankangopita poopa kufunsidwa, mpaka anatopa.

Zinandikumbutsa kwathu ku pulayimale. Ifenso kwaya inkadzuka pakamveka kuti kukubwera mlendo wochokera ku boma. Ankatiimika pamzere padzuwa, aphunzitsi akuyenda ndi kandodo kumvetsera mmodzimmodzi. Amene mawu ake sanawakomere ankamuuza kuti, "Iwe uzingoyendetsa milomo." Ine ndinali mmodzi wa oyendetsa milomowo, ndipo mpaka lero kutchalitchi ndimaimbira m'khosi. Panali mnzanga wina amene manja ake sankakhala chete, nthawi zonse akugogoda desiki ndi mabolopeni awiri. Analimapo chibalo kangapo chifukwa cha phokoso. Koma belu la buleki likangolira, gulu lonse linkamuzungulira kuseri kwa kalasi, iye akuliza chigubu, wina banjo ya chitini cha mafuta ndi waya wa buleki ya njinga, atsikana akuwomba m'manja. Pamenepo panalibe wotiuza nyimbo yoti tiimbe, ndipo panalibe amene ankayang'ana nthawi. Belu lolowera likalira tinkabwerera kukakopera tanthauzo la nyimbo pa bolodi.

Ndisanamizire aphunzitsi, chifukwa katundu amene anasenzetsedwa ndi wolemera. Silabasi ya ku pulayimale itasinthidwa, kuyambira 2007, nyimbo zinaphatikizidwa ndi magule, zisudzo, zojambula, zosoka ndi masewera olimbitsa thupi kukhala phunziro limodzi la Expressive Arts. Mphunzitsi mmodzi akuyenera kudziwa zonsezo, pamwamba pa masamu ndi sayansi. Pa mayeso a Sitandade 8 a MANEB, phunziroli limabwera m'pepala la Arts and Life Skills, lolemba ndi bolopeni. Palibe amene amafunsidwa kuti aimirire aimbe kapena alize ng'oma. Ndiye mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza mpaka pakhomo, wopanda chida ngakhale chimodzi, amene ahedi adzamufunsa kuti ana angati asankhidwa kupita ku sekondale, mukuti atani? Amalemba manotsi. Ndipo mayeso akayandikira, piriyodi ya nyimbo ndi imene imayamba kudyedwa ndi masamu.

Zimenezo nzoona. Komabe pali chinthu chimodzi chosalira ndalama kapena piyano, chomwe sichichitika kawirikawiri: kumufunsa mwanayo kuti akufuna kuimba chiyani, ndi kulola kuti yankho lake lisinthe kanthu.

Ine ndinazindikira zimenezi nditayamba ndalakwitsa. Pofuna kuoneka malume wanzeru, ndinamulonjeza K2,000 akabwerera ku kwaya. Anabwereradi. Anapita Lachiwiri, anapita Lachinayi, Loweruka anabwera kudzatenga ndalama yake. Sabata yotsatira sanapite. Nditamufunsa, anati, "Simunanene kuti ndi za sabata iliyonse." Ndinalibe poyankha. Kamwana kameneka kadzakhala loya.

Chimene ndinachitacho akatswiri a za maganizo a anthu anachiyesa kalekale. Mu 1971, Edward Deci wa ku America anapatsa ophunzira a ku yunivesite timasewera tolumikiza tizidutswa, tomwe ankatikonda kale. Ena anayamba kuwalipira, ena ayi. Malipiro atasiya, olipidwa aja chidwi chawo chinatsika, pomwe osalipidwa anapitiriza ngati kale. Ndalama inasandutsa masewera kukhala ganyu. Pambuyo pake Deci ndi mnzake Richard Ryan, onse a pa University of Rochester, anafotokoza kuti khama lochokera mumtima limamera pamene munthu ali ndi zinthu zitatu. Azimva kuti ali ndi mawu pa chimene akuchita, aziona kuti akuchitha ndipo akupita patsogolo, komanso azimva kuti ndi mmodzi wa gulu limene likumuwerengera. Tayikani mwana wa achemwaliyu pa sikelo imeneyi. Mawu ake anakanidwa, nyimbo zake ndi zomwe anazidziwa zaka ziwiri zapitazo, ndipo gulu linamuseka. Zitatu zonse zinagwa masana amodzi, ine nkubwera ndi K2,000 yanga kudzamata.

Pa nkhani ya nyimbo penipeni, dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Lucy Green, pulofesa wa ku London. Iye anacheza ndi oimba 14 a nyimbo zamakono kuti amve mmene anaphunzirira, nkulemba buku lotchedwa How Popular Musicians Learn. Anapeza kuti ambiri anayamba ndi nyimbo imene anaikonda okha, ankaimvetsera mobwerezabwereza nkumaitsanzira ndi khutu, ankaphunzira ndi anzawo, ndipo sankatsata ndondomeko yoti choyamba ichi kenako icho. Ena mwa iwo maphunziro a nyimbo a kusukulu sankawakonda nkomwe. Green anatenga njira imeneyi nkuilowetsa m'kalasi kudzera mu pulogalamu ya Musical Futures, imene inayamba ku England mu 2003 ndi thandizo la Paul Hamlyn Foundation. Ana azaka 13 ndi 14 ankauzidwa kuti asankhe anzawo, abweretse nyimbo imene akufuna, atenge zida, ayese kuiimba. Mphunzitsi ankayamba waima pambali nkumaonerera, kenako nkumathandiza pamene anawo akakamira.

Poyamba linali phokoso lokhalokha, ndipo aphunzitsi ambiri mtima unali m'mwamba. Koma patapita masabata nyimbo zinayamba kumveka, ndipo ana ena amene ankadziwika ndi kuvuta ndi amene anayamba kutsogolera anzawo. Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakumapeto kwake: anawo anapatsidwa nyimbo zachikale za ku Ulaya, za anthu ngati Beethoven, zimene poyamba ankati nzogonetsa tulo, kuti azitsanzirenso ndi khutu. Ambiri anazigwira. Khutu linali litatseguka kale ndi nyimbo zawo zija.

Tsono powerenga zimenezi ndinkaseka ndekha, chifukwa zimene anazipeza ku London ndi zimene zinkachitika kuseri kwa kalasi yathu pa buleki. Ndi mmenenso oimba athu ambiri anaphunzirira. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka anatola kwela ndi khutu, Donald akuliza chitoliro akadali kamnyamata, ndipo nyimbo zawo zinakafika ku Ulaya. A Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, chida chachitali cha chingwe chimodzi chopanga okha, lero akuzungulira maiko. Agogo athu a Giddes Chalamanda, amene mu 2020 anajambula nyimbo limodzi ndi Patience Namadingo nkudzagwedeza TikTok dziko lonse lapansi, luso lawo silinachokere pa bolodi. Ngakhale kumudzi, mtsikana saphunzira chimtali pokopera manotsi. Amaima kumbuyo kwa bwalo, nkumaponda molakwitsa, mpaka tsiku lina amapezeka ali kutsogolo. Njirayi ndi yathu kale. Imangothera pa geti la sukulu.

Nditawafotokozera achemwali zonsezi, anandiyang'ana ngati ndabwera ndi nzeru za m'mabuku zosaphika nsima. "Iwe, ana amasiku ano ukawauza kuti asankhe nyimbo, ukudziwa zimene angabweretse? Wamva mawu a nyimbo zimene akuvina panjapa?" Sanalakwe. Zina mwa nyimbo zimene zili m'mafoni mwathu sungaziimbe pamaso pa apongozi, ndipo mwana wazaka 12 amaziimba ndi nkhope yowala osadziwa chimene akunena. Palinso vuto lina limene iwo sanalitchule. Ukati kalasi isankhe, amene amasankha ndi anyamata atatu aphokoso a kumbuyo, ndipo mtsikana wamanyazi wa pakona amangotsatira monga mmene ankatsatira aphunzitsi. Komanso tinene zoona, chimene mwana amati "nyimbo yanga" nthawi zambiri ndi chimene TikTok yamuponyera sabata imeneyo. Akangosiyidwa pomwepo, adzamaliza sukulu osamvapo mangolongondo, osadziwa kuti sansi imene agogo ake ankaliza inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2020, kapena kuti tchopa analowamo mu 2014. Mphunzitsi ndi amene ayenera kumutengera kumene yekha sakanafika. Funso ndi lakuti ulendowo uyambire pati.

Ndili ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, pano akuphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina ya kumudzi m'chigawo chapakati. Ndinamuimbira kuti ndimve ngati zoterezi zingatheke m'kalasi ya ana oposa 90. Anaseka kaye, kenako anati anayesapo chaka chatha, osati chifukwa cha buku lililonse, koma chifukwa anatopa kuona ana akusinza piriyodi yomaliza.

Anawagawa m'magulu, nkuwatulutsa panja pansi pa mitengo. Gulu lililonse lisankhe nyimbo imodzi. Lamulo linali limodzi lokha: ikhale yoti mungaiimbe agogo anu atakhala pomwepo. Lamulo limenelo, akuti, linagwira ntchito kuposa mndandanda wa nyimbo zoletsedwa, chifukwa anawo ankatsutsana okha kuti mawu awa akutanthauza chiyani, ndipo gulu lina linasintha vesi yonse nkuikamo mawu awoawo. Zida anabweretsa kunyumba: zigubu, ndowa yobooka, zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya, visekese vya mapesi. Pofuna kuti aphokoso asalande zonse, anati amene watsogolera nyimbo sangalizenso ng'oma, ndipo aliyense akhale ndi chochita chake ngakhale kuwomba m'manja.

Sabata yoyamba zinali zosaona. Aphunzitsi a kalasi yoyandikana anakadandaula kwa ahedi. Gulu lina linatha piriyodi yonse likukangana, osaimba ngakhale mzere umodzi, ndipo iye akuti manja ankamuyabwa kufuna kuwasankhira. Anadzigwira. Sabata yachiwiri gulu lomwelo linabwera litagwirizana, atakambirana panjira popita kunyumba. Sabata yachitatu mtsikana wina amene chaka chonse sanakwezepo mkono m'kalasi anapezeka kuti ndi amene akugwira kugunda kwa nyimbo, anzake akasochera amayang'ana manja ake.

Atatha kuonetsa nyimbo zawo, mnzangayu anawapatsa ntchito yachiwiri: aliyense akapemphe nyimbo imodzi kwa munthu wamkulu kwambiri wa kwawo, afunsenso kuti inkaimbidwa pa nthawi yanji. Kunabwera nyimbo za pamtondo, zotonthoza mwana, za mganda, ina ya maliro imene anagwirizana kuti asaiimbe pasukulu. Mwana wina anabwera ndi agogo ake enieniwo, atanyamula kaligo m'thumba la feteleza. Manotsi aja anawalembabe, poti mayeso sasintha chifukwa cha chisangalalo cha ana. Koma polemba chordophones, kalasi yonse inali itamva kale kulira kwa chingwe chimodzi chija. Anandiuzanso mosabisa kuti silabasi inatsalira m'mbuyo ndi masabata awiri, ndipo teremu yotsatira sanabwerezenso chifukwa anapatsidwa kalasi ina yowonjezera.

Mfundo imene ndinatolapo ndi yakuti sanawapatse anawo chiwongolero chonse. Anawapatsa malo enieni osankha, ang'onoang'ono koma osanamizira. Ana amazindikira msanga akafunsidwa mwamwambo chabe, mphunzitsi atasankha kale. Zili ngati msonkhano wa kuntchito umene bwana amati "maganizo anu ndi otani" kalata atasayina dzulo. Ambirife tinakhalapo pa msonkhano wotero, ndipo tikudziwa mmene tinatulukira.

Ambiri amene mukuwerenga pano si inu aphunzitsi. Ndinu ankolo, anti, achimwene aakulu, makolo a mwana mmodzi kapena awiri, ndipo m'thumba mwanu muli chida chimene aphunzitsi anga a kwaya analibe. Foni yomweyo imajambula mawu, imabwereza kachigawo ka nyimbo kakhumi osatopa, imapeza Allan Namoko ndi Wambali Mkandawire pa YouTube bandulo ikalola. Nthawi zambiri timampatsa mwana foni kuti atisiye tipume. Sitikhala naye pansi nkumufunsa kuti mu nyimbo imeneyi chimakusangalatsa nchiyani.

Ine ndinayesa Lamulungu lina masana, ndalama nditabisa. Ndinamuuza kuti andiphunzitse nyimbo ija anakanizidwa ku kwaya. Anandiyang'ana mokayika, kenako anandiimika pakhonde ngati wophunzira wake. Anandipatsa mawu apansi. Ndinalakwitsa kanayi, ndipo sananene kuti ndizingoyendetsa milomo, anangoti, "Ankolo, mukuthamanga, dikirani ng'oma." Anaitana anzake awiri aja, tinajambula pa foni, anamvetsera, nkuyamba kutsutsana okha kuti wapakati akumira. Anabwereza kasanu ndi kawiri popanda wowauza. Dzuwa linalowa mbale za masana zisanatsukidwe, ndipo mlandu umenewo unagwera ine.

Pambuyo pake ndinawaikira nyimbo ya Kachamba osanena kanthu. Mmodzi anati ndi za agogo. Wachemwali wangayu anakhala chete pang'ono, nkufunsa kuti chikulira chapamwambacho nchiyani. Ndinati chitoliro. Anati ndibwezerenso poyambira.

Za kwaya sizinathe bwinobwino. Achemwali anakana kupita kusukulu kukalankhula ndi aphunzitsi, ati safuna mwana wawo adziwike ngati wa makolo ovuta, ndipo ndikuwamvetsa. Atsikana atatuwo ndi amene analemba kakalata okha, mwaulemu, kupempha kuti pa nyimbo za tsiku lotsekera sukulu imodzi yokha isankhidwe ndi ana a kwaya mwa kuvota, aphunzitsi aione kaye mawu ake. Anandionetsa kuti ndikonze sipelo, ndinangokonza mawu awiri. Anakapereka Lachiwiri. Aphunzitsiwo akuti anawerenga, anapinda, anaika m'thumba la malaya, nkunena kuti, "Tiona teremu ya mawa."

Kwaya sanabwererebe. Koma dzulo nditatsegula kope lija la Expressive Arts kuti ndione ngati akulemba manotsi, ndinapeza tsamba lomaliza lili ndi mndandanda wa nyimbo zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi mayina a amene adzaimbe pamwamba ndi pansi. Yachinayi sinali ya pa wailesi. Pambali pake analemba kuti: kufunsa agogo mawu a vesi yachiwiri.